Kodi ACC idakali ligi yaikulu ya basiketibolo ya m'mayunivesite a ku America?

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Moni nonse a pagulu lino. Nyengo yatsopano ya basiketibolo ya amuna m'mayunivesite a ku America ikuyamba mu Novembala, ndipo ndisanayambenso kuchezera usiku chifukwa cha masewerawa, ndati ndibweretse funso limene lakhala likundizunguza mutu kuchokera mwezi wa Malichi. Ine ndinayamba kutsata ligi ya Atlantic Coast Conference, imene timangoitchula kuti ACC, m'zaka za m'ma 1990, pamene munthu ankati akatchula Duke, North Carolina, Wake Forest ndi Maryland, aliyense ankadziwa kuti akunena matimu amene chikho cha dziko lonse sichinkapita kutali nawo. Koma pa mpikisano wa NCAA, wolimbirana chikho cha dziko lonse, wa chaka chino cha 2025, mwa matimu 68 amene anasankhidwa, ACC inalowetsa anayi okha, omwe ndi Duke, Louisville, Clemson ndi North Carolina, chonsecho ligiyi ili ndi matimu 18. Ligi ya Southeastern Conference (SEC), imene kale tinkaiona ngati ya mpira wachiamerika basi, inalowetsa matimu 14 mwa 16. Mwa anayi athu aja, Clemson inagonja kwa McNeese, Louisville inagonja kwa Creighton, North Carolina inagonja kwa Ole Miss, ndipo Duke inatsala yokhayokha. Tsono ndikufunsa inu amene mumatsata bwino: kodi ichi chinali chaka chimodzi chabe cha tsoka, kapena ligi imene tinkaidziwa ija inatha ife tisakudziwa?

Wophunzira wa ku Lilongwe:
Zikomo aphunzitsi poyambitsa nkhaniyi. Ine ndine wochemerera Duke, ndipo sindikuona chifukwa chodandaulira kwambiri. Ligi imayezedwa ndi timu yake yamphamvu, ndipo Duke chaka chino inatenga chikho cha ACC ku Charlotte itagonjetsa Louisville, kenako inafika m'ndime ya matimu anayi omaliza ku San Antonio. Cooper Flagg ndiye anasankhidwa woyamba pa chisankho cha osewera atsopano cha NBA, ndipo anatengedwa ndi Dallas Mavericks. Khaman Maluach, mnyamata wa ku South Sudan amene anakulira ku Uganda n'kukaphunzira masewerawa ku NBA Academy Africa m'dziko la Senegal, nayenso anasankhidwa pa nambala 10 atasewera chaka chimodzi chokha ku Duke. Ngati mwana wa kuno ku Africa akusankhabe timu ya mu ACC ngati khomo lolowera ku NBA, ndiye kuti dzina la ligiyi lidakali ndi mphamvu.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Mwanawe, zimene mwanenazo ndi zoona zonse, koma mwafotokoza za Duke, osati za ligi. Mu Disembala 2024, pamene matimu a ACC ndi a SEC anakumana mmodzimmodzi, SEC inapambana masewera 14 ndipo ACC inapambana awiri okha. Timu imodzi singabise matimu enawo pa chiwerengero chotere.

Namwino wa ku Raleigh:
Moni abale anga. Ine ndimakhala mu mzinda wa Raleigh ku North Carolina komweko, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni momwe nkhaniyi imaonekera kwa munthu amene ali pakati pake. Mayunivesite atatu, North Carolina State (NC State) kuno ku Raleigh, Duke ku Durham ndi North Carolina ku Chapel Hill, ali moyandikana kwambiri, moti pakati pa Durham ndi Chapel Hill sipakwana makilomita 20, ndipo Wake Forest ku Winston-Salem ndi ulendo wa maola osakwana awiri pa galimoto. Kuntchito kwanga, m'chipinda chimodzi chopumira muli anthu a matimu onsewo, ndipo tsiku lotsatira masewera wogonja sakhala ndi kothawira, chifukwa wopambana ali naye pa thebulo limodzi akumwa tiyi. Chimenechi ndicho chinamanga ACC. Ligiyi inakhazikitsidwa mu 1953 ku Greensboro ndi mayunivesite asanu ndi awiri oyandikana, Virginia n'kudzalowa kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo kwa zaka zambiri timu iliyonse inkakumana ndi inzake kawiri pa nyengo, kwawo ndi koyenda.

Mu Malichi 2024 ndinaona ndi maso anga chimene chatsala cha mzimu umenewo. NC State inalowa mpikisano wa chikho cha ACC ku Washington ili timu yosawerengeredwa, ndipo inkafunika kupambana masewera asanu m'masiku asanu kuti ipite ku mpikisano wa dziko lonse. Inapambanadi onse, n'kumalizira ndi kugonjetsa North Carolina 84 kwa 76. Patapita masabata awiri inagonjetsanso Duke n'kulowa m'ndime ya matimu anayi omaliza, koyamba chichokere mu 1983. Usiku umenewo ndinadutsa mu msewu wa Hillsborough ndikuchokera kuntchito, ndipo galimoto sizinkayenda. Nsanja ya belu ya yunivesiteyo inali itawalitsidwa ndi magetsi ofiira monga amachitira timu ikapambana, ana asukulu atadzadza msewu wonse, koma chimene chinandikhudza chinali bambo wina wa imvi amene anaima pambali pa msewu atagwira dzanja la mdzukulu wake, misozi ili chuchuchu, osakuwa ngati enawo. Ndinazindikira kuti iyeyo anali wophunzira kapena mnyamata mu 1983, pamene Lorenzo Charles wa NC State anaponya mpira womaliza wogonjetsera Houston 54 kwa 52 pansi pa kochi Jim Valvano, ndipo anadikira zaka 41 kuti aonenso zotere. Patangotha chaka chimodzi, kochi Kevin Keatts amene anawatengera kumeneko anachotsedwa ntchito, ndipo osewera a timu ija anali atabalalika kale.

Kochi wa ku Ndirande:
Achemwali, mwakhudza pamene ine ndimafuna kuyambira. Ine ndimaphunzitsa anyamata a zaka zapakati pa 13 ndi 17 pa bwalo la simenti, ndipo ndimaonera masewera a m'mayunivesite osati a NBA chifukwa kumeneko ndi kumene munthu umaona dzanja la kochi. Masewera ndi a zigawo ziwiri za mphindi 20, timu imapatsidwa masekondi 30 kuti iponye, ndipo wosewera akalakwa kasanu amatuluka, choncho dongosolo limalemera kuposa luso la munthu mmodzi. Tsono taonani makochi amene ACC yataya m'zaka zinayi zokha. Roy Williams anapuma ku North Carolina mu 2021 atatenga zikho zitatu za dziko lonse. Mike Krzyzewski anapuma ku Duke mu 2022 atakhalako kuyambira 1980, ali ndi zikho zisanu ndi masewera opambana 1,202 pa ntchito yake yonse ya ukochi. Jim Boeheim anachoka ku Syracuse mu 2023, chaka chomwenso Mike Brey anachoka ku Notre Dame. Tony Bennett anasiya Virginia mu Okutobala 2024 kutangotsala masabata ochepa kuti nyengo iyambe, Jim Larrañaga anasiya Miami mu Disembala nyengo ili mkati, ndipo Leonard Hamilton anachoka ku Florida State kumapeto kwa nyengo yomweyo. Palibe ligi imene ingataye anthu otere nthawi imodzi n'kukhalabe chiimire.

Za Tony Bennett zimandipweteka kwambiri, chifukwa ndiye amene ndimagwiritsa ntchito pophunzitsa anyamata anga kutchinga. Njira yake inali yoti wosewera mmodzi yekha ndiye amakakamira amene ali ndi mpira, anayi enawo n'kubwerera mkati kukatseka njira yopita ku dengu, kuti wotsutsa akakamizike kuponyera patali. Njira imeneyi siphunzirika m'mwezi umodzi, imafuna kuti anyamata akhale pamodzi zaka ziwiri kapena zitatu mpaka aliyense adziwe kumene mnzake aponde asanapondepo. Mu 2018 Virginia inachita manyazi aakulu pa mpikisano wa NCAA pamene inagonja kwa UMBC (University of Maryland, Baltimore County) 74 kwa 54, kukhala timu yoyamba yoikidwa pa nambala 1 m'gulu lake kugonja kwa timu yoikidwa pa nambala yomaliza, ya 16. Anyamata omwewo, Kyle Guy, Ty Jerome ndi De'Andre Hunter amene chaka cha manyazicho anali wovulala, sanathawe. Anabwerera, ndipo mu 2019 anatenga chikho atagonjetsa Texas Tech 85 kwa 77 m'nthawi yowonjezera. Masewera amenewo ndinawaonera pa foni usiku wa manda, magetsi atazima, nditakhala pa khonde kuti ndisadzutse ana, ndipo m'mawa mwake ndinapita nawo ku bwalo kukawaonetsa anyamata anga mphindi zomaliza. Funso langa ndi lakuti, pa malamulo a lero, ndi angati mwa anyamata aja akanakhalabe ku Virginia atachita manyazi otere?

Wophunzira wa ku Lilongwe:
Akochi, ndikumva chisoni chanu, koma ndikupempha kuti tionenso mbali ya wosewera. Kale kochi ankatha kuchoka pa yunivesite tsiku lililonse n'kukalandira malipiro aakulu kwina, pomwe wosewera akafuna kusamuka ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera. Lamulo limenelo linasinthidwa mu 2021, ndipo kuyambira pa 1 Julayi chaka chomwecho osewera analoledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo, zimene amazitcha NIL. Mu Febuluwale 2019, pamene nsapato ya Zion Williamson wa Duke inang'ambika m'masekondi oyambirira a masewera a Duke ndi North Carolina iye n'kuvulala bondo, matikiti anali atagulitsidwa pa mitengo yokwera kwambiri, Barack Obama anali m'bwalomo, wailesi ya kanema inkapanga phindu, koma mnyamata amene anthu onsewo anabwera kudzamuona sankaloledwa kulandira malipiro. Zimenezo sizinali chilungamo, ndipo ngati kukonza cholakwikacho kwasokoneza makochi, ine ndili kumbali ya osewera.

Kochi wa ku Ndirande:
Pamenepo sindikukutsutsani, mng'ono wanga. Wantchito ayenera malipiro ake, ndipo ambiri mwa anyamata amenewa amachokera m'mabanja osowa. Chimene ndikunena ine ndi chakuti kusinthaku kwapweteka ACC kuposa maligi ena, chifukwa mphamvu yake inali mu kukhalitsa. Tim Duncan anakhala zaka zinayi ku Wake Forest mpaka 1997, Ralph Sampson zinayi ku Virginia, Christian Laettner zinayi ku Duke, Tyler Hansbrough zinayi ku North Carolina. Ngakhale masewera amene Duke yanu inagonja mu Epulo akuchitira umboni zomwezi. Duke inatsogola ndi mapointi 14 m'chigawo chachiwiri, koma Houston, yomwe inali ndi amuna okhwima ngati L.J. Cryer ndi J'Wan Roberts, sinanjenjemere, ndipo inachinya mapointi 9 omaliza onse n'kupambana 70 kwa 67. Duke, yodalira ana aluso a chaka choyamba, inakanika ngakhale kulowetsa mpira m'bwalo itapanikizidwa.

Wowerengera ndalama wa ku Johannesburg:
Ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna ndiwonjezere chinthu chimene sichioneka pa bwalo koma ndicho gwero la zonsezi. Malamulo a NIL ndi a kusamuka amakhudza maligi onse mofanana, choncho paokha sangafotokoze chifukwa chimene SEC yakwera pomwe ACC yatsika. Kusiyana kuli pa ndalama, ndipo ndalama zambiri za masewera a m'mayunivesite a ku America zimachokera ku mpira wachiamerika kudzera m'mapangano a wailesi ya kanema. ACC inamangidwa ndi pangano lalitali ndi wailesi ya kanema ya ESPN lofika mu 2036, pamene maligi a Big Ten ndi SEC anapangana mapangano atsopano amene amapatsa yunivesite iliyonse ndalama zochuluka kwambiri kuposa za ACC. Mayunivesite a SEC atenga gawo la ndalama zimenezo n'kulemba makochi apamwamba a basiketibolo ndi kukopa osewera okhwima osamuka. Florida, imene yatenga chikho chaka chino, inatsogoleredwa ndi Walter Clayton Jr., amene anasamukira kumeneko kuchokera ku Iona.

Mukaona mbiri ya kukula kwa ACC, muona kuti pafupifupi chilichonse chinachitika chifukwa cha mpira wachiamerika ndi misika ya kanema. Florida State inalowa mu 1991, Miami ndi Virginia Tech mu 2004, Boston College mu 2005, Syracuse, Pittsburgh ndi Notre Dame mu 2013, Louisville mu 2014. Chaka chomwecho cha 2014 Maryland, imodzi mwa eni ake oyambitsa ligi, inachoka kupita ku Big Ten chifukwa cha ndalama. Florida State inatengera ligi yake yomwe kukhoti mu Disembala 2023, Clemson n'kutsatira mu Malichi 2024, onse akufuna njira yotulukira, ndipo milanduyo inatha mu 2025 pogwirizana kuti matimu amene amaoneredwa kwambiri pa kanema azilandira zambiri. Ligi ya Pac-12 itaphwasuka, ACC inatenga Stanford ndi California pamodzi ndi SMU ya ku Dallas, zomwe zinayamba kusewera mu 2024, ndipo pa chisankho chowalandira North Carolina, Clemson ndi Florida State zinavotera kukana. Lero ligi yotchedwa dzina la gombe la nyanja ya Atlantic ili ndi matimu awiri pa gombe la Pacific, ndipo wophunzira wa ku Stanford amauluka makilomita oposa 4,000 kukasewera ku Boston kapena ku Miami mkati mwa sabata ya maphunziro. Kuwonjezera apo, khoti linavomereza mu Juni 2025 mgwirizano wothetsa mlandu wotchedwa House, umene osewera anasumira bungwe la NCAA, ndipo mgwirizanowo ukulola yunivesite iliyonse kugawira osewera ake mwachindunji ndalama zokwana pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba cha 2025-26, ndipo m'mayunivesite ambiri gawo lalikulu la ndalamazo likupita ku mpira wachiamerika.

Mayi wa ku Chipata:
Pepani kuti ndikudulani, abale. Ine ndangoyamba kutsata masewerawa chifukwa cha mwana wanga amene amasewera ku sukulu. Ndithandizeni kumvetsa: ngati timu yapambana masewera ambiri mu ligi yake, n'chifukwa chiyani imatha kusiyidwa pa mpikisano wa dziko lonse?

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Funso labwino, mayi, ndipo yankho lake lili pa mtima pa nkhani yathu. Timu imene yatenga chikho cha ligi yake imalowa yokha popanda kusankhidwa. Matimu otsalawo amasankhidwa ndi komiti, imene imayang'ana osati kuchuluka kwa masewera opambana kokha, komanso mphamvu ya matimu amene munawagonjetsa ndi malo amene munasewerera. Kuyambira 2018 komitiyi imagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa NET, umene umagawa masewera m'magulu anayi, ndipo kupambana kolemera ndi kwa m'gulu loyamba. Vuto limayambira mu Novembala ndi Disembala, pamene matimu amasewera ndi a maligi ena. Matimu a ligi yanu akagonja kwambiri miyezi imeneyo, onse amatsika pa muyezo, ndiye kuyambira Januwale mukamagonjetsana nokhanokha kupambana kwanu sikulemera, koma kugonja kwanu kumapweteka. N'chifukwa chake ACC yachepetsa masewera a mu ligi kuchoka pa 20 kufika pa 18 kuyambira nyengo ya 2025-26, kuti matimu apeze mpata wokumana ndi matimu amphamvu a kunja.

Ndikakumbukira mbiri, apa ndi pamene zinthu zatembenuka kotheratu. Mpaka 1974 ligi iliyonse inkatumiza timu imodzi yokha. Chaka chimenecho NC State ya David Thompson inagonjetsa Maryland 103 kwa 100 m'nthawi yowonjezera pa masewera omaliza a chikho cha ACC, ndipo Maryland, imene inali pakati pa matimu amphamvu kwambiri m'dziko lonselo, inatsala kunyumba. Chaka chotsatira lamulo linasintha kuti ligi izitha kutumiza matimu oposa imodzi. Ligi imene kale inali ndi matimu abwino ochuluka kuposa malo, lero ikusowa matimu odzadza malo amene alipo.

Namwino wa ku Raleigh:
Aphunzitsi, kuchepetsa masewerako kuli ndi mtengo wake umene anthu kuno akuudandaula. M'ligi ya matimu 18 yosewera masewera 18, matimu ambiri akumana kamodzi kokha pa chaka. Duke ndi North Carolina asungiridwa kukumana kawiri chifukwa masewera amenewo ndi amene wailesi ya kanema imawafuna, koma mayunivesite ena oyandikana amene makolo awo ankapikisana kawiri pa nyengo tsopano akusinthana malo ndi ulendo wa ku California. Ngakhale mpikisano wa chikho cha ligi sutenganso matimu onse, umatenga 15 mwa 18, ndipo likulu la ligi linasamuka ku Greensboro kumene inabadwira kupita ku Charlotte mu 2023.

Wophunzira wa ku Lilongwe:
Ndavomera kuti matimu apakati afooka, ndipo pa za Houston akochi anena zoona, ngakhale zimandiwawabe. Koma pa za Duke ndi North Carolina, musaiwale kuti zazikulu kwambiri zachitika posachedwapa, osati m'masiku akale. Pa 5 Malichi 2022 North Carolina inapita ku Cameron Indoor Stadium, bwalo laling'ono lolowa anthu 9,314 kumene ophunzira amagona m'matenti masabata angapo kudikira malo, n'kukaononga masewera otsanzika a Krzyzewski popambana 94 kwa 81. Patatha mwezi umodzi matimu awiriwa anakumana koyamba m'mbiri yawo pa mpikisano wa NCAA, m'ndime ya matimu anayi omaliza ku New Orleans, ndipo Caleb Love wa North Carolina anaponya mpira wa mapointi atatu umene unatha ntchito ya kochi wamkuluyo, 81 kwa 77. Makochi amene analowa m'malo mwa akuluakulu aja ndi ana a pakhomo pomwepo: Jon Scheyer anasewera m'timu ya Duke imene inatenga chikho mu 2010, ndipo Hubert Davis anasewera ku North Carolina pansi pa kochi Dean Smith. Pamenepo ulusi sunaduke.

Kochi wa ku Ndirande:
Caleb Love yemweyo, mng'ono wanga, anamaliza maphunziro ake akusewerera Arizona, ndipo mu Malichi chaka chino anakumananso ndi Duke atavala malaya a timu ina.

Wowerengera ndalama wa ku Johannesburg:
Chimene ine ndiziyang'ana nyengo ino si Duke, chifukwa Duke ili ndi dzina ndi ndalama zokwanira kuima payokha m'ligi iliyonse. Ndiziyang'ana Louisville, imene Pat Kelsey anaidzutsa m'chaka chimodzi pogwiritsa ntchito makamaka osewera osamuka, komanso makochi atsopano amene analembedwa mu 2025, Will Wade ku NC State ndi Ryan Odom ku Virginia. Odom ndi yemwe uja anali kochi wa UMBC tsiku limene inachititsa manyazi Virginia mu 2018. Matimu amenewa akapambana masewera awo a kunja kwa ligi mu Novembala ndi Disembala, muyezo umene aphunzitsi afotokoza uja utembenukira kumbali ya ACC, ndipo tidzaona matimu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu pa mpikisano wa NCAA mu Malichi.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Zikomo nonse. Achemwali a ku Raleigh, ndili ndi pempho limodzi. Masewera oyamba pa 7 koloko madzulo kwanuko amatipeza ife kuno pa 2 koloko usiku, ndipo a ku California amatha kunja kutacha, choncho ambirife timangoona zidutswa m'mawa. Tsiku limene NC State idzalandire North Carolina nyengo ino, mudzatilembere pagulu pano zimene mudzaone mu msewu wa Hillsborough ndi zimene anzanu adzanene m'chipinda chopumira chija tsiku lotsatira.

Namwino wa ku Raleigh:
Ndidzatero, aphunzitsi. Ndasunga kale tsiku limodzi la tchuthi changa chifukwa cha masewera amenewo, ndipo ndikapeza tikiti ndidzalowa m'bwalo momwemo.